Kulondola mapazi a Mendeleev, kuchokera ku Tobolsk mpaka St Petersburg

27 Januwale, Tobolsk

Ndafika abale. Basi yochokera ku Tyumen yatenga maola 4 ndi kenakake, msewu wonse mitengo ndi chipale chokhachokha mpaka maso kuwawa ndi kuyera. Foni ikuti minus 26. Inu a ku Dedza amene mumadandaula za Juni pepani, simunazione, kuno mamina amaumira m'mphuno momwemo usanafike n'komwe pa stage.

Anzanga ku hostel andiseka zedi, eti holide ya masabata awiri yokhayi iwe ukathere ndalama kukaona manda a munthu wa chemistry? Koma iwo sakudziwa. Ndisanabwere kuno kudzawonjezera sukulu ndinaphunzitsa zaka 6 pa CDSS ina kwathu, ndipo chaka ndi chaka ndimajambula periodic table pa bolodi, ma element 20 oyamba, hydrogen mpaka calcium, ana n'kumaloweza ngati nyimbo ya Sande sukulu. Labu tinalibe. Tchati chinalipo chimodzi mu staffroom, chiswe chitadya kumunsi konse. Dzina la Mendeleev, mkulu amene anakonza periodic table yo, ndimalitchula kamodzi pa chaka chifukwa limatha kubwera pa mayeso, malikisi amodzi, basi. Ndiye nditazindikira kuti tawuni yomwe mkuluyu anabadwira ili makilomita ngati 250 kuchokera pomwe ndikukhala, ndinati ayi, ndikapanda kupita ndidzadzida. Pulani ndi yotsata njira yomwe mayi ake anamuyendetsa, Tobolsk, Moscow, kenako St Petersburg.

Ndadya pelmeni, timibulu ta ufa tokhala ndi nyama mkati, pa kantini ina pafupi ndi pogona, 280 rubles ndi tiyi. Ndatopa, zambiri mawa.

28 Januwale, Tobolsk

Tawuniyi ili pawiri, kumtunda kuli Kremlin yoyera ija aliyense amaijambula, kumunsi kuli nyumba zakale zamatabwa zina zitapendekeka, ndiye patali mtsinje wa Irtysh wouma gwa, anthu akuwedza atakhala pamwamba pake ataboola kabowo. Ine sindinayese n'komwe kupondapo.

Dmitri Ivanovich Mendeleev anabadwa kuno mu 1834, chitsirizira m'banja la ana oposa 10. Bambo ake Ivan anali mkulu wa sukulu ya sekondale ya m'tawuni muno, tinene kuti ahedi, koma chaka chomwe mwanayu anabadwa maso awo anachita ng'ala mpaka ntchito kutha. Penshoni yosakwana, mumazidziwa. Mayi ake Maria ndi amene ananyamula banja, anakayendetsa fakitale ya magalasi ya kwawo kumudzi wa Aremzyani kunja kwa tawuni. Bambo anamwalira 1847, fakitale inapsa 1848. Apa ndi pomwe mayiyu anatenga chitsirizira chake ndi mwana wamkazi mmodzi n'kuuyamba wa ku Moscow mu 1849, makilomita oposa 2,000, pa ngolo za akavalo chifukwa njanji kunalibe.

Ku Aremzyani ndimafuna kupita koma ndiulule, ndachita mantha. Mayi wa pogona pano wandiuza kuti mabasi ndi owerengeka, ukaiphonya yobwerera uona wekha pogona, ndipo dzuwa likumalowa cha m'ma 5 koloko. Ndinadziyerekeza ndili ndekha pa stage ya kumudzi mu mdima pa minus 26 ndi Chirasha changa cha ana a mkaka ichi, ndinati zikomo. M'malo mwake ndapita kumanda a Zavalnoye komwe anagona bambo ake. Ndinasochera pakati pa mitanda, chipale chofika m'mawondo, mpaka bambo wina wokolopa njira ndi fosholo anandiona, sanafunse zambiri, ndangoti "Mendeleev" iye n'kutsogola ine pambuyo. Pobwerera anandipatsa magolovesi ake akale ataona anga aja ogula pa Tyumen kuti ndi zidole. Ndinafuna kumupatsa kangachepe, anakwiya.

29 Januwale, m'sitima

Siteshoni ya sitima ili kutali ndi tawuni, ndipo dera lake dzina lake Mendeleevo kkkk, munthuyu kwawo ndi kwawodi. Ndakwera platskart, bogi ya anthu wamba yopanda zitseko, mabedi osanjikizana, anthu oposa 50 mpweya umodzi. Tikiti yotchipa yomwe ndinapeza ndi bedi la m'mwamba m'mbali mwa kanjira kufupi ndi chimbudzi, chitseko chikamenyedwa ndimadzidzimuka. Ulendo ndi wa maola oposa 30.

Ambiri muno ndi azibambo ochokera ku migodi ya mafuta ndi gasi kumpoto uko, akupita kwawo atagwira miyezi. Mmodzi wandifunsa kwathu, ndati Malawi, akuti Mali? Ndati ayi. Akuti Maldives? Ndangomuonetsa mapu pa foni. Atamva za ulendo wanga wasangalala kwabasi, akuti Mendeleev ndi ngwazi chifukwa ndi amene anapanga vodka ya 40%, ndipo tebulo lija analiona kutulo. Ndayesa kumuuza kuti digiri yake ya udokotala ya 1865 inali ya mmene alcohol ndi madzi zimasakanikirana, osati resipe ya mowa, vodka inalipo kale iye asanabadwe. Za maloto zija zinachokera kwa mnzake wina wa pa yunivesite, Inostrantsev, amene anazifotokoza patapita zaka zambiri. Bamboyo wangondiyang'ana n'kunena kuti iwe mlendo ukufuna undiphunzitse za Mendeleev wathu? Tonse taseka, wandigulira tiyi wa m'kapu yagalasi ija yokhala m'chotengera chachitsulo. Za vodka sanasinthe maganizo.

Agogo ena a bedi la pansi akhala akundidyetsa kuyambira Tyumen, mazira owiritsa, nkhuku yokulunga mu foil, nkhaka za mchere. Ukakana amakhumudwa. Ma Doshirak anga, ma noodles a m'paketi aja, sindinawatsegule.

30 Januwale, m'sitimabe, tadutsa Perm

Lero ndachita zamisala pang'ono. Netiweki kulibe, tulo tatha, ndiye ndinang'amba kope langa timapepala ting'onoting'ono, kalikonse ndalembapo element imodzi ndi kulemera kwa atomu yake, ndimafuna ndione ngati ndingazisanje ndikudziyesa kuti tebulo sindilidziwa. Mendeleev mwini analemba kuti ankalemba ma element pa timakadi. Nthawi yake ankadziwika 63 okha, ndipo za ma proton ndi ma electron panalibe amene ankazidziwa, zonse zija timaphunzitsa za kasanjidwe ka ma electron ngati 2.8.1 kunalibe. Anali ndi zinthu ziwiri basi, kulemera ndi khalidwe la chinthucho chikakumana ndi madzi, oxygen kapena acid.

Agogo aja anandibwereka tebulo lawo, kamdzukulu kawo ka zaka ngati 9 n'kumandipatsira timapepala. Poyamba zimayenda bwino mpaka kukoma, ukandandalika mwa kulemera umaona wekha kuti lithium, sodium, potassium zikugwera malo ofanana, chimodzimodzi fluorine, chlorine, bromine. Koma ukadutsa calcium zimayamba kubalalika. Ndiye pali pena pomwe ndinakakamira, tellurium ndi yolemera 127.6, iodine 126.9, mwa kulemera iodine iyenera kutsogola, koma ukatero iodine ikugwera m'banja la sulphur pomwe aliyense akudziwa kuti ndi m'bale wa chlorine. Mendeleev anangozisinthanitsa n'kunena kuti amene anayeza tellurium analakwitsa. Malo anakhoza koma chifukwa chake anaphonya, sikelo inalibe vuto. Yankho linadza 1913 iye atamwalira kale, pamene mnyamata wa ku England Henry Moseley anaonetsa ndi ma X-ray kuti chosanjira chenicheni ndi atomic number, tellurium 52, iodine 53. Moseley yo anaphedwa ku nkhondo ku Gallipoli mu 1915 ali ndi zaka 27.

Ndipo tisanamizane, Mendeleev sanali woyamba kuona kuti pali dongosolo. Lavoisier mu 1789 anali ndi mndandanda wa zinthu 33, kuwala ndi kutentha zili momwemo ngati ma element. Döbereiner ku Germany mu 1829 anaona zoyenda zitatuzitatu, ngati calcium, strontium, barium, chapakati kulemera kwake kumakhala pakatikati pa ziwirizo. Mfalansa de Chancourtois mu 1862 anazikulunga mozungulira chinthu chonga mgolo, koma osindikiza anasiya chithunzi chake, ndiye ndani akanamva? Amene amandimvetsa chisoni ndi Newlands wa ku London, anati khalidwe limabwereza pa element ya chi 8 ngati manotsi a nyimbo, ndipo atakazinena ku Chemical Society mu 1866 pulofesa wina anamufunsa mwachipongwe ngati anayesapo kuzisanja mwa alifabeti. Mendulo anadzampatsa 1887, mochedwa. Ndiye panali Lothar Meyer amene anali pafupi kwambiri, tebulo lake la 1864 linali ndi ma element 28. Iye ndi Mendeleev onse anali pa msonkhano wa ku Karlsruhe mu 1860 pomwe Cannizzaro wa ku Italy anakonza chisokonezo cha kayezedwe ka kulemera kwa ma atomu, popanda zimenezo palibe akanasanja kanthu.

Sitima itagwedezeka pa siteshoni ina timapepala tonse pansi. Mayi woyang'anira bogi anandiyang'ana diso lija, ndinatola ndekha mwakachetechete. Zinc sindinaipeze mpaka pano.

31 Januwale, Moscow

Maola 13 okha muno, chikwama ndasiya kosungitsa katundu. Miyendo yatupa.

Mayi ake a Mendeleev atafika kuno ndi mwana wawo, yunivesite ya Moscow inamukana mnyamatayo, osati chifukwa cha nzeru koma malamulo, ana a ku Tobolsk amayenera kupita ku yunivesite ya chigawo chawo ku Kazan. Taganizani, ulendo wonse uja. Za kusankhidwa motengera komwe ukuchokera ife sitifunika kutifotokozera.

Ndinapita pa siteshoni ya metro ya Mendeleevskaya chifukwa cha dzina basi. Magetsi ake anawapanga ngati ma atomu olumikizana mu crystal, ndajambula. Potuluka pali chiboliboli cha galu wosokera dzina lake Malchik amene ankakhala pamenepo, anthu amamusisita mphuno mpaka inawala. Ndadya shawarma ya 300 rubles nditaimirira. Usiku uno ndikwera ya ku St Petersburg, Sapsan, sitima yothamanga ya maola 4 ija, si ya thumba langa.

1 Febuluwale, St Petersburg

Usiku tinadutsa Klin ndili maso. Kufupi ndi kumeneko ku Boblovo Mendeleev anali ndi munda wake, ndipo pa Klin pomwepo mu 1887 mkuluyu ali ndi zaka 53 anakwera chibaluni yekhayekha kuti akaone kadamsana pamwamba pa mitambo, woyendetsa anamutsitsa chifukwa baluni inanyowa ndi mvula sikanatha kunyamula awiri. Munthu woti sanayendetsepo. Ine ndikuopa basi ya ku Aremzyani.

Kuno kuzizira kwake ndi kwina, minus 9 yokha koma chinyezi ndi mphepo ya pa Neva zimalowa mpaka m'mafupa. Njanji yomwe ndadzera inatsegulidwa 1851, Mendeleev ndi mayi ake anafika 1850, ndiye nayonso anaiyenda pa akavalo. Mnyamatayo anamulandira pa koleji ya aphunzitsi, Main Pedagogical Institute, komwe bambo ake anaphunziranso. Mayi ake anamwalira chaka chomwecho, atangomulowetsa. Inde, Mendeleev anaphunzira zauphunzitsi, ndipo ntchito yake yoyamba inali yogwira choko ku Simferopol ndi ku Odessa. Mnzathu ameneyu.

Ndagona masana onse. Madzulo ndinaphika nsima ya manka, ufa wa tirigu wa mchengamchenga, ku kitchen ya hostel, mtsikana wina wa ku Vietnam analawa n'kunena mwaulemu kuti ilibe kukoma kulikonse.

2 Febuluwale

Lero ndiye tsiku lomwe ndinadzera. Nyumba yomwe ankakhala kuyambira 1866 mpaka 1890 ili pansi m'chinyumba chachitali chofiira cha yunivesite, pa msewu womwe pano ukutchedwa Mendeleevskaya liniya, ndipo anaisandutsa museum. Mabuku mpaka kudenga, desiki, ndi nsalu ya patebulo yomwe alendo ake ankasainapo kenako a m'nyumba n'kupeta ma signature wo ndi ulusi. Ankakondanso kumata mabokosi ndi masutikesi ndi manja ake.

Koma chomwe chandigwira ine ndi nkhani ya mmene tebulo linabwerera. Mu 1867 anampatsa mpando wa chemistry pa yunivesiteyi, anayang'ana mabuku a Chirasha omwe analipo sanamukhutiritse, anayamba kulemba lake, Osnovy khimii. Voliyumu yoyamba inatha atangofotokoza ma element 8 okha. Otsala 55, onse alowe mu voliyumu yachiwiri, osindikiza akudikira. Aphunzitsi anzanga mukuimva imeneyi? Teremu yachitatu yayamba, silabasi ili pa topic 3, mayeso ali pakhomo. Sungaphunzitse chimodzichimodzi, uyenera kuziika m'magulu, ndipo uyenera kudziwa kuti ukamaliza sodium ndi potassium ulowe gulu liti ndipo chifukwa chiyani. Ine zaka 6 ndimauza ana ngati kuti tebulo linatsika kumwamba lathunthu, kuli kwakuti linatuluka m'mutu mwa mphunzitsi amene ma scheme anamuthina.

Tsiku lake ndi 17 Febuluwale 1869 pa kalendala yawo yakale, kwa ife 1 Malichi. Tsikulo amayenera kunyamuka kupita ku Tver kukayendera alimi opanga tchizi, kalata ya za ulendowo ndi yomwe anayamba kulembapo manambala kuseri kwake. Ulendo unachedwa. Ndipo pomwe pepala lake limawerengedwa ku Russian Chemical Society mu Malichi, mwini wake kunalibe, anali ku tchizi kuja, anamuwerengera mnzake Menshutkin.

Ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi cha pepala loyambalo. Ndi lodetsedwa, zofufutafufuta, magulu akuyenda chopingasa osati chotsika ngati lero, ana anga akanalemba chonchi ndikanawabweza. Koma muli ma question mark, ?=45, ?=68, ?=70. Apa ndi pomwe anasiyana ndi anzake aja. Pomwe element yotsatira sinkagwirizana ndi banja, sanaikakamize, anasiya mpata n'kunena kuti mwini malowa alipo koma sanapezeke. Mu 1871 anafika pofotokoza alendo osaonekawo, eka-aluminium, eka-boron, eka-silicon, kulemera kwawo, density, mtundu wa oxide, zonse.

Ndiye mu 1875 Mfalansa Lecoq de Boisbaudran anapeza gallium, yomwe ndi eka-aluminium ija, chitsulo chija chimasungunuka m'manja chifukwa chimangofuna madigiri 30 osakwana. Anayeza density napeza 4.7. Mendeleev ali kuno, chitsulocho sanachionepo ndi maso, analemba kalata kuti bwana yezaninso, iyenera kukhala cha m'ma 5.9. Mwini wake anayeretsa sample n'kuyezanso, 5.9. Ine kudzikhulupirira kotereku kumandiopsa kkkk. Scandium inatulukira 1879 kwa Nilson ku Sweden, germanium 1886 kwa Winkler ku Freiberg, pa germanium yo Mendeleev ananena kulemera 72 ndi density 5.5, inapezeka 72.6 ndi 5.35. Zithunzi za anthu amenewa anaziika pamodzi n'kumawatcha olimbitsa lamulo lake.

Mayi wina wachikulire wogwira ntchito mmenemo atamva kuti ndine mphunzitsi wa chemistry wochokera ku Africa anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kuyankhula Chirasha chothamanga kwa mphindi 10, ndinatolapo mwina theka. Ndimangoti da, da.

3 Febuluwale

Nsapato zalowa madzi, chipale cha kuno ndi phala. Ndavala mapepala apulasitiki mkati mwa sokosi ngati mwana wa pulayimale nthawi ya dzinja.

Ndatsikira metro ya Tekhnologichesky Institut, pa Moskovsky prospekt pali ofesi ya miyezo ndi masikelo yomwe anaiyendetsa kuyambira 1893. Pa yunivesite anachoka 1890 atanyamula kalata ya madandaulo a ophunzira kupita nayo kwa nduna ya maphunziro, nduna n'kuibweza. Panja pali chiboliboli chake atakhala pampando, ndevu ndi tsitsi lija ankameta kamodzi pa chaka, ndipo pakhoma la nyumba yoyandikana pali periodic table yaikulu ya timiyala ya 1935, zofiira ndi zomwe zinkadziwika iye ali moyo, zabuluu zinapezeka pambuyo.

Nditaima pamenepo ndinakumbuka kuti mkuluyu naye ankaphonya, ndipo izi m'kalasi sitinena. Argon itapezeka 1894 ndi Rayleigh ndi Ramsay iye anakana kuti si element, ankati mwina ndi nitrogen ya ma atomu atatu, chifukwa pa tebulo lake panalibe malo ake. Mapeto ake panawonjezedwa gulu lonse latsopano. Ankakhulupiriranso kuti kuli ma element opepuka kuposa hydrogen, kulibe. Timangokumbukira zitatu zija anakhoza. Nobel sanalandire, mu 1906 inatsala pang'ono koma inapita kwa Moissan, ndipo Arrhenius, wasayansi wa ku Sweden amene Mendeleev ankatsutsa maganizo ake anali m'gulu lomukana. Chomwe anapata ndi bokosi nambala 101, mendelevium, yomwe Seaborg ndi anzake anapanga ku Berkeley mu 1955, ma atomu 17 okha.

Ndamwa khofi pa kashopu kuti ndiumitse mapazi, 220 rubles, ndalama zikutha.

4 Febuluwale

Manda a Volkovo, gawo lotchedwa Literatorskie mostki. Anamwalira 2 Febuluwale 1907, ndiye ndaphonya tsiku lake ndi masiku awiri, maluwa ofiira omwe ena anasiya anali ataumira m'chipale. Pa maliro ake ophunzira ananyamula periodic table patsogolo pa gulu. Mwala wake ndi waukulu koma palibe zaudokotala kapena zaupulofesa, dzina lokha. Mayi ake anaikidwa manda omwewa. Ndinalibe maluwa, ndinali ndi timapepala tanga ta m'sitima m'thumba la jekete, ndinaganiza zosiyapo kamodzi koma ndinaona ngati ndi kutaya zinyalala pamanda a eni. Ndinangovula chipewa, makutu anapirira masekondi mwina 20.

Mnzanga amene ananditenga makalasi anga kwathu wanditumizira voice note, akuti ukabwera utitengere tchati chatsopano, chija chiswe chafika pa bromine. Ndalowa mu shopu ya mabuku pa Nevsky ndapeza chachikulu cha pulasitiki 450 rubles, ma element onse 118 mpaka oganesson, maina ndi a zilembo zawo koma ma symbol ndi omwewo, Na ndi Na basi. Vuto sichikulowa m'chikwama ndipo kupinda sindikufuna, ndiye ndikwera nacho m'manja chokulunga ngati mphasa. Sitima ya ku Tyumen inyamuka madzulo ano, bedi la m'mwamba kachiwiri, sokosi sizinaume.